Kodi kutchulidwa kwambiri m'mapepala a kafukufuku wa khansa kukutithandiza chiyani kuno ku Mangochi?

MayiWaKuKoche:
Abale, ndithandizeni nzeru. Kunali msonkhano wa zaumoyo kwathu kuno, mlendo wolemekezeka anali dokotala wina wofufuza za khansa. Womulandira anatenga nthawi yaitali akuwerenga mbiri yake: mapepala a kafukufuku amene walemba, mayunivesite akunja amene amagwira nawo ntchito, komanso kuti anzake ofufuza amutchula kambirimbiri, akuti ma citation, ndi chinanso akuti h-index. Anthu anaomba m'manja, koma ine mtima unali kwina. Azakhali anga tinawaika m'manda chaka chatha, inali khansa ya khomo la chiberekero, inadziwika mochedwa. Sindikunyoza munthu ayi, ndikufuna kumvetsa. Manambala amenewa amatanthauza chiyani? Munthu akatchulidwa kwambiri m'mapepala, mayi wa ku Makanjira kapena ku Katuli amapindulapo chiyani?

KabazaWaPaMlatho:
Pepani ndi za azakhali, mayi. Koma yankho ndi lalifupi. Sapindulapo kanthu. Opindula ndi eni mapepalawo, amakwezedwa pantchito ndi kukwera ndege.

WaLabu265:
Pepani kwambiri, mayi. Achimwene a Kabaza, mwafulumira. Tiyambe tamva kaye chimene akuwerengacho.

Wofufuza akamalemba pepala, chilichonse chimene akunena kuti chinapezeka kale amayenera kusonyeza kumene wachitenga. Ndiye kumapeto kwa pepala amandandalika mapepala a anzake amene wagwiritsa ntchito. Pepala lanu likalowa pa mndandanda wa munthu wina, imeneyo ndi citation imodzi. Amene amawerengetsera zimenezi ndi masamba a pa intaneti monga Google Scholar, Scopus ndi Web of Science, ndipo manambala awo safanana. A Google Scholar amaphatikiza ngakhale zolemba za ophunzira a digiri, n'chifukwa chake nambala yawo kawirikawiri imakhala yokwera kuposa ya enawo.

Tsono h-index anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku California, mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Wina atha kukhala ndi pepala limodzi lotchulidwa ka 1,000, koma ngati ena onse sanatchulidwepo, h-index yake ndi 1 basi. Cholinga chinali choti tione amene akutulutsa ntchito yogwiritsidwa ntchito mosalekeza, osati wa mwayi wa tsiku limodzi.

Choncho nambalayo imatiuza chinthu chimodzi chokha: ofufuza anzake akuigwiritsa ntchito bwanji ntchito yake. Sinena kuti amayi angati ayezedwa, kapena angati achira.

KabazaWaPaMlatho:
Ndiyetu mwavomereza zomwe ndanena zija.

WaLabu265:
Ayi. Ndanena kuti siiwerenga ochira. Sindinanene kuti ilibe ntchito.

NesiWopuma:
Mundilole ndilowepo, ana anga, chifukwa ntchito yoyeza amayi ndaigwira ndi manja angawa. Kuyeza kwake timapaka vinega pa khomo la chiberekero, pamene payamba kuwonongeka pamayera. Vuto linali pa chithandizo. Kale tinkadalira makina oziziritsa, amene amafuna gasi wa m'masilinda. Masilindawo ndi olemera, gasi ndi wodula, ndipo akatha mayi amauzidwa kuti abwerenso. Mayi woti wachoka kutali, wasiya ana ndi kumunda, mwamupeza ndi vuto lero kenako mukumuuza kuti adzabwere mwezi wamawa, ambiri sabweranso.

Ku chipatala cha Nkhoma, mogwirizana ndi anzawo a ku Scotland, anayesa njira yowotcha ndi kachida kotentha, kosafuna gasi, koti mayi ayezedwe ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo. Zimene anapeza anazitulutsa mu 2016 mu International Journal of Cancer. Ena anawerenga, anatchula, anayesanso kwawo, ndipo umboni wochokera m'maiko osiyanasiyana utachuluka, bungwe la WHO linatulutsa malangizo a njirayi mu 2019. Lero tizida timeneti tikupezeka m'zipatala zambiri m'dziko muno. A ku Nkhoma akanangogwira ntchito yawo bwinobwino osalemba, bwenzi zitathera ku Nkhoma komweko.

Mayi a ku Koche, njira imene pepala limafikira kwa wodwala ndi imeneyo. Ndi yaitali, ndipo si mapepala onse amene amaimaliza.

MayiWaKuKoche:
Zikomo amayi, apa ndayamba kumva. Koma mwati si onse amene amaimaliza. Ndiye tingadziwe bwanji kuti mapepala a munthu uyu ndi a mtundu umenewo?

WophunziraZaumoyo:
Poyang'ana nambala yokha simungadziwe. Pali zinthu zingapo zimene zimakweza nambala popanda phindu kwa wodwala. Munthu atha kumadzitchula yekha m'pepala lililonse latsopano, kapena iye ndi anzake kumatchulana mosinthana. Pali mapepala ena akuluakulu owerengetsera matenda padziko lonse amene amakhala ndi maina a olemba mazanamazana, ndipo aliyense wa iwo amalandira ma citation onse a pepalalo ngakhale anangopereka kachigawo kochepa. Komanso pepala loipa limatchulidwa ndithu. Lija la Andrew Wakefield la 1998 mu The Lancet, lonamizira katemera, linachotsedwa mu 2010, koma latchulidwa kambirimbiri chifukwa anthu amalitchula polikana.

Chimene chimandipweteka ine ndi china. Ma citation amatsata kumene kuli ofufuza ambiri ndi ndalama zambiri. Wolemba za mankhwala atsopano a khansa ya m'mawere ku America ali ndi anzake zikwizikwi oti amutchule. Wolemba za Kaposi (khansa imene imaonekera kwambiri pakhungu) kapena khansa ya kum'mero ku Malawi, anzake ndi ochepa. Mukawaika pa sikelo imodzi, wathuyo aoneka wamng'ono pamene ntchito yake ndi imene ikutikhudza ife. Ngakhale asayansi eni ake anaziona izi, mu 2012 anagwirizana chikalata chotchedwa DORA ku San Francisco, chonena kuti munthu asamayesedwe ndi kutchuka kwa magazini imene walembamo.

MsodziWaMalombe:
Asalamu aleikumu nonse. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndikumva chonchi: akuwerenga anthu amene abwereka ukonde wako, osati nsomba zimene zafika m'mbale. Ndalakwitsa?

WophunziraZaumoyo:
Simunalakwitse, bambo.

MsodziWaMalombe:
Ndiye ndifunse zanga, pepani ngati ndatuluka pa mutu. Ndinamva kuti likodzo limayambitsa khansa. Kuno tonse takula tikukodza magazi, makolo ankati ndi chizindikiro choti mnyamata wakula. Zoona zimenezi za khansa?

WaLabu265:
Ndi zoona, bambo, ndipo simunatuluke pa mutu. Nyongolotsi za likodzo zimaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo. Mazirawo akakhalitsa zaka zambiri, khomalo limangokhala lotupa ndi zilonda, ndipo kwa anthu ena zimathera ku khansa ya chikhodzodzo. Bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya WHO yoona za khansa ku Lyon, linaika likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Si aliyense wa likodzo amene adzadwale khansa, koma kukodza magazi si chizindikiro cha kukula. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu. Munthu wamkulu akamwa mankhwalawo koma magazi osasiya, apite akapimidwe bwino, asangomwanso ena.

Ndiwonjezere kuti za likodzo kuno kwathu zalembedwa ndithu. Dr Sekeleghe Kayuni, Mmalawi, anachita kafukufuku wa likodzo la m'ziwalo zoberekera za abambo pakati pa asodzi a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, mogwirizana ndi Liverpool School of Tropical Medicine, ndipo pa mapepala angapo dzina lake ndi limene lili poyamba.

MphunzitsiWaKwaChimwala:
Za dzina kukhala poyamba zimenezo ndi zimene ndimadikira. Ine dandaulo langa lili pamenepo. Zaka zapitazo kumudzi kwathu kunabwera anthu ndi mafomu, anafunsa amayi mafunso ambirimbiri a zaumoyo, ena a chinsinsi zedi. Amayi anadinda zala, alangizi azaumoyo a m'dera lathu ndi amene ankayenda nawo khomo ndi khomo, kumasulira m'Chiyao, kupepesa pamene anthu akwiya. Atamaliza anapita. Mpaka lero palibe amene anabwera kudzatiuza kuti tinapeza zakutizakuti. Ndiye ndikamva kuti wina watchulidwa kambirimbiri, ndimafunsa kuti mayankho a amayi anga ali m'kati mwa nambala imeneyo kodi? Nanga alangizi aja dzina lawo lili pati?

DadaWaKuChembe:
Zimenezi n'zoona. Kuno kunyanja timawaona pafupipafupi.

WophunziraZaumoyo:
Aphunzitsi, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo lili ndi dzina lake pakati pa ofufuza, amati kafukufuku wa parachute: kutera, kutola, kuuluka. Pa pepala la zachipatala malo a ulemu ndi awiri. Dzina loyamba ndi la amene wagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, lomaliza ndi la mkulu wotsogolera. Apakati ndi othandizira. Mukafuna kudziwa ngati mgwirizano wa yunivesite yakunja ndi anthu athu uli wachilungamo, musawerenge kuchuluka kwa mapepala. Onani kuti pa kafukufuku wochitikira ku Malawi, Amalawi akupezeka kangati poyamba kapena pomaliza. Akamangokhala pakati nthawi zonse, ndiye kuti akutola zinthu, mafunso akufunsa ndi ena.

Za kubweza zotsatira, kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti monga COMREC kapena NHSRC, ndipo pa fomu yovomera ija pamakhala dzina la komitiyo ndi njira yoifikira. Amene munasunga kope la fomu, muli ndi poyambira kufunsa.

KabazaWaPaMlatho:
Agogo anga asunge fomu ya Chingerezi zaka zisanu? Tiyeni tizinena zotheka.

WophunziraZaumoyo:
Fomuyo imayenera kukhala m'chilankhulo chimene munthu akumva. Koma mfundo yanu ndaimva, udindo sukuyenera kukhala pa agogo.

DokotalaWamng'ono:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndikuona ngati tayamba kuwaika onse m'thumba limodzi. Mgwirizano ndi akunja si mdani wathu. Khansa siitsimikizika ndi maso, pamafunika kudula kanyama n'kukakayeza kwa katswiri wa pathology, ndipo akatswiri amenewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Labotale ya pathology ya ku Kamuzu Central inakhazikitsidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ku America, ndipo Dr Tamiwe Tomoka, amene amagwira ntchito kumeneko, ali pa mapepala ambiri a lymphoma, khansa ya maselo oteteza thupi ku matenda. Dr Satish Gopal, amene anakhala zaka zambiri ku Lilongwe akutsogolera kafukufuku wa khansa, anadzapatsidwa udindo wotsogolera nthambi ya zaumoyo wa padziko lonse ku National Cancer Institute ya ku America. Palinso Dr Lameck Chinula pa khansa ya khomo la chiberekero, Dr Leo Masamba ku Blantyre, Dr Charles Dzamalala pa kaundula wa khansa. Awa ndi anthu oti amaona odwala kapena zoyeza za odwala, si ongokhala pa kompyuta.

Ndipo apa ndi pamene nambala ija imagwira ntchito, a Kabaza. Wopereka ndalama za kafukufuku ali kutali, sakudziwani. Amayang'ana zimene mwalemba ndi mmene anzanu azilandirira. Mmalawi wopanda mapepala sangapikisane, ndalamazo zipita kwa wina, ndipo funso la kafukufuku lisankhidwa kwina. Ine ndikufuna Amalawi a h-index yokwera achuluke, kuti azikhala ndi mphamvu zonena kuti ayi, chaka chino tifufuze za khansa ya kum'mero.

MphunzitsiWaKwaChimwala:
Adokotala, maina onse mwatchulawo ndi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mangochi ili pati?

DokotalaWamng'ono:
Funso labwino. Khansa imalembedwa kumene imayezedwa, ndipo odwala athu amatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens. Ndiye m'mapepala amaoneka ngati odwala a zipatala zimenezo. Amene sanakwanitse ulendo saoneka paliponse.

NesiWopuma:
Pamenepo mwakhudza pamtima. Pali pepala lina la 2012 lolembedwa ndi Dr Kelias Msyamboza ndi anzake, lochokera mu kaundula wa khansa. Anapeza odwala atsopano 18,946 kuyambira 2007 mpaka 2010. Mwa amayi, khansa ya khomo la chiberekero inali 45.4 pa 100 aliwonse odwala khansa, mwa abambo Kaposi inali 50.7 pa 100. Pepala limeneli limatchulidwa kawirikawiri chifukwa aliyense wolemba za khansa ku Malawi amafuna poyambira. Koma amene analowa m'kaundulayo ndi okhawo amene anafika kuchipatala n'kulembedwa. Mayi wa ku Makanjira amene anathera kwa asing'anga, kapena anamwalira akusonkhabe ya thiransipoti, mulibemo. Ziwerengero za IARC za 2020 zimati amayi oposa 4,100 amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira. Tili m'gulu la maiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse.

DadaWaKuChembe:
Adokotala mwatchula ya kum'mero. Zoti tiyi wotentha amayambitsa khansa ndi zoona kapena ndi za pa WhatsApp? Amuna anga amamwa akubwadamuka.

DokotalaWamng'ono:
Pali kafukufuku wotchedwa ESCCAPE, wotsogoleredwa ndi IARC, amene anachitika ku Kenya, Tanzania ndi ku Blantyre. Anapeza kuti kumwa kapena kudya zotentha kwambiri kumayendera limodzi ndi chiopsezo chokwera, chimodzimodzinso mowa, makamaka waukali ngati kachasu. Fodya nayenso ndi wodziwika kale. Vuto si tiyi, ndi kutenthako. Auzeni azidikira pang'ono azizire. Ndipo munthu akayamba kuvutika kumeza nsima, kenako phala, asachedwe.

CheMwenyeWaNamwera:
Ife mowa sitimwa koma matendawa tikuwaona ndithu kuno.

DokotalaWamng'ono:
Inde Che Mwenye, n'chifukwa chake kafukufuku akupitirirabe. Mowa wokha sukufotokoza zonse.

AtateAkeAwiri:
Ndibwerere ku funso la mayi a ku Koche, chifukwa ine ndili ndi umboni wa m'nyumba. Mwana wa mlongo wanga anatupa tsaya ali wamng'ono, m'masabata ochepa nkhope inasinthiratu. Tinkati ndi dzino. Anatitumiza ku Queens, anati ndi Burkitt lymphoma, analandira mankhwala ndipo lero ali ku sekondale. Nditafuna kudziwa za dzinalo ndinapeza kuti Denis Burkitt anali dokotala wa opaleshoni ku Uganda, analemba za chotupachi mu 1958 ndipo poyamba anthu sanalabadire kwenikweni. Mu 1961 anakayankhula ku London, mwa omvera munali Anthony Epstein, amene anamupempha kuti azimutumizira tinyama ta zotupazo. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Anadzaonanso kuti chotupachi chimakonda madera a malungo ambiri, ngati kunyanja kuno.

Ku Queens, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akuyesa ndi kulemba za mlingo wa mankhwala umene ana athu angaupirire, chifukwa mlingo wa ku Ulaya umafuna chisamaliro chimene kuno n'chovuta kupeza, ndipo ana ambiri amafika ali onyentchera. Mphwangayo anachira ndi nzeru zimene zinadutsa m'mapepala amenewo. Ndiye a Kabaza, mukamati sapindula kanthu, ine sindingavomere.

KabazaWaPaMlatho:
Tithokoze Mulungu chifukwa cha mwanayo, achimwene. Ndabweza mawu akuti kanthu. Koma ndikufunsabe: anakafika bwanji ku Blantyre? Ndani analipira? Ine ndimanyamula odwala pa njinga tsiku ndi tsiku, ndimamva zimene amakambirana. Nzeru zili m'pepala, koma pakati pa pepala ndi wodwala pali ndalama ya minibasi.

AtateAkeAwiri:
Tinagulitsa mbuzi. Pamenepo sindikutsutsani.

WophunziraZaumoyo:
Ndipo zimenezo nazonso ndi nkhani ya kafukufuku. Pali mapepala ochokera ku Blantyre onena za ana amene amasiyira mankhwala a khansa panjira, ndipo ndalama ya ulendo imatuluka ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mapepala otere satchulidwa kwambiri ngati a ma gene, zija za m'thupi zotengera kwa makolo, koma ndi amene amachititsa kuti opereka thandizo aganizire za thiransipoti ya makolo. Ena amatuluka mu Malawi Medical Journal, imene aliyense atha kuwerenga kwaulere pa intaneti. Magazini ena akuluakulu akunja amalipiritsa wolemba madola masauzande kuti pepala likhale laulere kwa owerenga, ngakhale ambiri amachotsera olemba a m'maiko osauka.

MayiWaKuKoche:
Ndawerenga zonse. Ndili ndi ana aakazi awiri, ndiye ndifunse amayi anesi: katemera uja amabaya atsikana kusukulu ndi wa khansa ya khomo la chiberekero ija? Kuno ena akuti amatseka mimba.

NesiWopuma:
Ndi wa yomweyo, mwana wanga, ndipo satseka mimba. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, zimene anatulukira Harald zur Hausen wa ku Germany, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kuno katemerayu anayamba kumuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo anafalikira dziko lonse mu Januwale 2019, kuyambira atsikana a zaka 9. Amagwira bwino mtsikana akabayidwa asanakumane ndi kachilomboko. Inuyo amene mwakula, chanu ndi kuyezetsa, musadikire ululu kapena kutaya magazi. Amene ali pa ma ARV asaphonye n'komwe, chifukwa WHO imati mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chochuluka kasanu n'kamodzi.

CheMwenyeWaNamwera:
Zimene mwalemba apazi amayi, zikanenedwa m'Chiyao ku msikiti ndi kwa mafumu, anthu angamve. Vuto ndi loti zimathera m'Chingerezi.

MphunzitsiWaKwaChimwala:
Ndi zimene ndikunena ine. Wofufuza aliyense wotenga mayankho kapena magazi kuno azibwera kudzanena zimene wapeza, pa bwalo la mfumu kapena pa wailesi. Wailesi ya Dzimwe ilipo, Radio Maria ili pa boma pompano. Akamalemba mbiri yake aziikamonso kuti zotsatira ndinakazinena kwakutikwakuti.

WophunziraZaumoyo:
Ine nditha kuyambapo. Mapepala ambiri a za Malawi ndi aulere pa PubMed, tsamba la pa intaneti la mapepala a zachipatala. Ndizitenga limodzi, n'kulifotokoza m'Chichewa mwachidule: anafunsa chiyani, anafunsa ndani, anapeza chiyani, ndipo pa maina a olemba Amalawi ali pati. Adokotala ndi a WaLabu azindiwongolera ndisanatumize.

WaLabu265:
Ndavomera. Yambani ndi la likodzo, likukhudza anthu ambiri kuno.

CheMwenyeWaNamwera:
Chiyao ndimasulira ine.

MsodziWaMalombe:
Koma musangolemba. Anzanga ambiri pa doko sawerenga. Mujambule mawu, tizimvera pa foni tikamasoka maukonde.